Kukonza nyali ya m'kati mwa galimoto imene yasiya kuyaka

Yambani mwaona fyuzi, kenako muyeze ndi multimeter (chipangizo choyezera magetsi) ngati pa pulagi ya nyaliyo pakufika mavoti 12. Magetsi akamafika koma nyali osayaka, nthawi zambiri vuto limakhala pa bolodi, kachidutswa ka m'nyalimo kamene pamakhala timababu totchedwa LED.

Chotsani chingwe cha negative pa batire, mutulutse bolodiyo, ndipo muyang'anitsitse pamene miyendo ya pulagi inawotchereredwa, chifukwa kugwedezeka kwa galimoto ndi kutentha kumang'amba solder (mtovu wowotcherera) pamenepo n'kusiya kamng'alu kozungulira, kopyapyala ngati tsitsi, komwe ambiri sakaona. Pakanipo flux (mankhwala othandiza kuti solder igwire bwino), muwotcherere mwatsopano.

Ikapanda kuyakabe, yezani LED iliyonse multimeter ili pa chizindikiro cha diode (poyezera ma LED), popeza zikalumikizidwa mondondozana, imodzi ikapsa zonse zimazima. Poika yatsopano onetsetsani kuti mbali ya + ndi ya - zisasinthane, ndipo chowotcherera chisakhalepo kupitirira masekondi 3.