Momwe mungamvere Chingerezi cha timawu tatifupi ngati "give up" ndi "fed up"

Ambirife Chingerezi tinachiphunzirira mayeso a MSCE ndi kalata yofunsira ntchito. "Postpone" timamudziwa, "tolerate" timamudziwa. Koma timu ya ku England ikagonja, kochi n'kunena pa TV kuti "we are gutted", timangoti kukamwa yasa. Timawu tonse ndi tatifupi, tina tinatiphunzira kupulayimale, koma tanthauzo latizemba.

Vutoli lili ndi mbiri yake. Chingerezi chinabwera ku Britain m'zaka za m'ma 400 ndi mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes, yochokera kumene lero kuli Denmark ndi kumpoto kwa Germany. Pambuyo pake ma Viking, ankhondo apanyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, anawonjezerapo mawu ngati "take" ndi "get". Mu 1066 William wa ku Normandy, dera la ku France, analanda dziko la England, ndipo Chifalansa chinakhala chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi kukhoti. N'chifukwa chake nyama ili kubusa ndi "cow", "pig", "sheep", koma ikafika patebulo la bwana ndi "beef", "pork", "mutton". Mawu ataliatali a m'kalasi ambiri ndi ochokera ku Chifalansa ndi Chilatini. A pamsewu ndi akale aja, ndipo ndi omwe eni chilankhulo amacheza nawo.

Choyamba, tengani kope, mugawe tsamba pawiri. Kumanzere lembani liwu lalitali lomwe mukulidziwa kale, kumanja mnzake wa pamsewu. "Postpone" ayang'anane ndi "put off", "tolerate" ndi "put up with", "investigate" ndi "look into", "surrender" ndi "give up", "discover" ndi "find out". Simukuyamba chatsopano, mukungopezera liwu lililonse m'bale wake wakumudzi.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwa: musamaphwanye mawuwa kuti mumasulire kamodzikamodzi. Mlendo atamva kuti "agogo atsamira mkono" n'kupita kukawaona ngati mkono ukuwawa, mungamumvere chisoni. Munthu "wopsa mtima" palibe chomwe chapserera m'chifuwa mwake. Chimodzimodzi "under the weather" sakamba za mvula kapena mphepo, akungoti m'thupi simuli bwino. "Sleep on it" ndi kuiganizira nkhani usiku wonse musanayankhe. "You are pulling my leg" ndi kunena kuti mukundinamiza mwanthabwala. Lowezani chiganizo chonse pamodzi ndi malo omwe munachimvera, monga momwe mwana amaphunzirira "kutsina khutu" popanda womutsina.

Kenako tcherani khutu ku kachidutswa ka kumapeto, chifukwa nthawi zina kamakuthandizani kulosera. "Up" amakonda kusonyeza kumaliziratu: "eat up", "drink up", "use up". "Out" amasonyeza kutheratu kwa chinthu, ngati shuga wa "run out" m'nyumba kapena matikiti a "sell out". "Off" nthawi zambiri ndi kunyamuka kapena kuchotsa. Koma musalidalire kwambiri lamuloli. "Take off" ndi ndege kunyamuka, ndi kuvula malaya, ndiponso ndi bizinesi kuyamba kuyenda bwino. "Make up" ndi kupeka bodza, ndi kugwirizananso mutakangana, ndipo ndi zodzola kumaso. Chiganizo chonse ndiye chimakuuzani.

Pali kalamulo kena kakang'ono komwe kamaulula msanga kuti munthu anangowerenga m'buku. Mungathe kunena "pick up the phone" kapena "pick the phone up", zonse n'zabwino. Koma mukagwiritsa ntchito "it", ayenera kukhala pakati: "pick it up". "Pick up it" kulibe.

Mukatero, yesererani pakamwa. Sankhani mawu atatu okha pa sabata, muwagwiritse ntchito pa WhatsApp kapena pocheza. Atatu ndi okwanira. Mndandanda wa 200 umathera pansi pa matiresi.

Chotsalira ndi kudziwa pomwe muli. "Gutted" kutanthauza kukhumudwa kwambiri, ndi "give me a ring" kutanthauza mundiimbire foni, ndi za ku Britain kwenikweni. Omwe ali ku Johannesburg amadziwa kuti "now-now", wotengera ku Afrikaans, chilankhulo china cha ku South Africa, si nthawi yomwe ino ayi, mudikirabe pang'ono. "Fed up", kutanthauza kutopa nazo, uzani mnzanu, koma musalembe m'kalata yopita kwa abwana. Ndipo samalani ndi "knock up". Kale ku England ankatero potanthauza kudzutsa munthu pogogoda pakhomo pake m'mamawa. Ku America ndi mawu achipongwe onena za kupatsa mkazi pathupi, ndipo masiku ano ngakhale ku Britain ambiri amamva choncho. Mukafuna kudzutsidwa, ingonenani kuti "wake me up".