Momwe mungalimire ndiwo zamasamba m'nyumba nthawi yozizira kuno ku UK

Nkhuli ya mpiru wotendera inandigwira zenizeni chaka changa chachiwiri kuno ku Leeds. Ma spring greens a mu supamaketi amatsitsa nsima ndithu, koma alibe kakuwawa kaja komwe timafuna ife. Ndiye ndinayamba kulima pazenera la kukhitchini, ndipo ino ndi nyengo yozizira yachinayi ndikuthyola ndiwo m'nyumba. Musayembekeze dengu lodzaza ngati la kudimba, koma kambale kamodzi pa sabata kamapezeka.

Choyamba, sankhani zenera. Kuno dzuwa la December limadutsa chakumwera, chapansipansi, ndiye zenera loyang'ana kumwera ndilo labwino. Tsegulani kampasi ya mufoni muone. Loyang'ana kumpoto musataye nalo nthawi. Ngakhale lakumweralo silikwanira palokha, chifukwa cha pa 21 December kuwala sikufika maola 8, pofika 4 koloko madzulo kunja kuli bii, ndipo masiku ambiri kumakhala mitambo yokhayokha. Mbewu zikasowa kuwala zimangotalika ngati ulusi, zotuwa, zopendekera kugalasi. Mankhwala ake ndi getsi la LED lolimira mbewu. Langa ndi la mawati 20, loyera, ndinagula pa £18. Limayaka maola 14 patsiku, ndipo pabilu ya magetsi limangowonjezera cha m'ma £2 pamwezi. Lipachikeni masentimita 20 pamwamba pa masamba, muzilikweza mbewu zikamakula. Gulaninso ka timer kolowetsa pasoketi, chifukwa ife oyenda mashifiti ausiku sitingakumbukire zoyatsa ndi kuzimitsa.

Pa intaneti pali ogulitsa magetsi otchipa a pinki aja, olembedwa mawati 1000 pabokosi koma kulemera ngati paketi ya bisiketi. Ndinagulapo limodzi. Linabwera ndi pulagi yosalowa m'masoketi a kuno, linkatentha ngati simbi, ndipo khitchini yonse inkaoneka ngati bala yomwera mowa. Aneba mpaka anayamba kundiyang'ana ndi diso lina.

Chachiwiri, mbewu. Apa ndi pomwe mungapulumutse ndalama. Pitani kushopu ya amwenye, pashelefu ya zokometsera ndiwo, mugule paketi ya njere za mpiru zakuda kapena zofiirira, zosakazinga. Imakhala cha m'ma £1 ndipo simungaimalize chaka chonse. Njere za coriander zosagaya zimameranso, bola muzifinye pang'ono ndi botolo kuti zisweke pawiri. Nsawawa zouma za m'bokosi, zomwe azungu amaphikira mushy peas, mukaziviika usiku umodzi zimamera bwino, ndipo nsonga zake n'zokoma mukazikazinga ndi tomato. Anyezi wamasamba osataya kumizu kwake: dulani masentimita atatu, bzalani, aphukanso. Mint ndi kungothyola kanthambi n'kuika m'kapu ya madzi mpaka mizu ituluke.

Bonongwe ndi nkhwani ziiwaleni mpaka May. Bonongwe amafuna kutentha ndi dzuwa lenileni, ndipo dzungu silingayange pazenera. Alipo ena m'magulu a WhatsApp amene amagulitsa "mbewu zakumudzi" kasupuni kamodzi £5. Zomwe ndinagula ine zinamera zitatu zokha, ndipo mpaka lero ndimakayika ngati zinali bonongwe.

Zobzalamo musagule. Mapulasitiki obwera ndi bowa kapena mphesa, zigubu za mkaka zodula pakati, zonsezi zimagwira ntchito, bola kuya kwake kufike masentimita 10 ndipo muboole pansi ndi msomali wotentha. Pansi pake ikani thireyi. Dothi gulani la m'thumba lolembedwa multipurpose compost. Osakumba la kuseri kwa nyumba, limabwera ndi nkhono ndipo m'kachigubu limauma gwa. Fesani mpiru mothithikana, kwirirani pang'ono kwambiri, pakatha masiku anayi kapena asanu muona tamera.

Tsopano kuthirira, pomwe ine ndinagwa chagada.

Ndinakulira padimba la agogo ku Dedza, komwe lamulo linali limodzi: keni m'mawa, keni madzulo, ukajomba tsiku limodzi mu October masamba agona. Dzanja linazolowera choncho. Ndiye chaka choyamba ndinkathirira m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, ndikabwerako n'kuwonjezera kapu ina poti ndimazikonda. Sabata yoyamba zinamera mokongola, ndinatumiza zithunzi kumudzi. Sabata yachiwiri ndinadzuka n'kupeza timbande tapakati tagwa ngati tapondedwa. Nditazula kamodzi ndinaona kuti tsinde lake, pamalo penipeni pomwe limakhudza dothi, lawonda ngati tsitsi, lada, lanyowa. Masamba anali obiriwira bwinobwino koma mwendo unali utaola. Mawa lake zinagwa zina, kufalikira mozungulira, ndipo pasanathe masiku anayi thireyi yonse inali itatha. Pamwamba pa dothi panali chuku choyera ngati thonje.

Ine poganiza kuti ndi chisanu, ndinayatsa hita yapansi pa zenera usiku wonse n'kuthiriranso. Ndinangothira mafuta pamoto. Kenako kunabwera tintchentche takuda tating'onoting'ono, touluka mwaulesi, tina kugwera mu tiyi. Timeneti timaikira mazira m'dothi lonyowa, ndipo timphutsi take timadya mizu yanthete.

Chimene ndinali ndisanamvetse n'chakuti pazenera la kuno mu December madzi sapita kulikonse. Kulibe dzuwa lowaumitsa, kulibe mphepo, galasi ndi lozizira, ndipo mbewu yokha ikukula pang'onopang'ono moti sikumwa kwenikweni. Dothi lomwe ku Dedza likanauma pofika masana, kuno limakhala chinyowere sabata yathunthu, mizu n'kusowa mpweya, matenda oolesa n'kupeza pogona.

Panopa ndimachita chonchi. Ndimalowetsa chala m'dothi mpaka pamfundo yoyamba. Chikatuluka ndi chinyezi, sindithirira, ngakhale mtima ukundikakamiza. Njira ina ndi kunyamula chigubucho: chopepuka chikufuna madzi, cholemera chisiyeni. Pothirira sindithira pamwamba. Ndimathira madzi muthireyi yapansi, ndidikire mphindi 20 dothi likoke lokha kudzera m'mabowo, otsalawo n'kutaya musinki. Osasiya madzi atadikha muthireyi usiku wonse. Madziwo asakhale ozizira a pampopi, ndimatunga usiku n'kuwasiya m'botolo pakauntala. Mukatero mupeza kuti mukuthirira kamodzi pa masiku anayi kapena asanu, nthawi zina kamodzi pa sabata. Ngati munavundikira ndi pulasitiki pofesa, vundukulani tsiku lomwe mwaona kamera koyamba. Patuliraninso zikathithikana kwambiri kuti mpweya uzidutsa, zozulazo ponyani musaladi.

Tintchentche tija tikabwera, gulani timapepala tachikasu tomata, tilipo m'mashopu a zamaluwa pa £3 kapena £4, ndipo lolani dothi liume pamwamba. Zikanyanya tayani dothi lonse, tsukani zigubu ndi madzi otentha a sopo, yambaninso. Mbewu ndi ya £1, musaililire. Thumba la kompositi lotsala muzilimanga kukamwa, chifukwa nthawi zambiri tintchentcheti timachokera m'menemo, makamaka matumba otchipa omwe agona panja pashopu akuvumbwa ndi mvula.

Nkhani ina ya chinyezi: galasi limachita thukuta m'mawa. Pukutani zenera ndi pansi pa thireyi, apo ayi chuku chakuda chigwira penti ndipo landilodi adzakudulani dipoziti chifukwa cha mpiru. Usiku wozizira kwambiri musatsekere mbewu kuseri kwa katani, zichotseni muziike patebulo.

Zotsalazi n'zosavuta. Nsawawa dulani ndi sizasi pakatha masabata atatu, zikafika masentimita 15, musiye masamba awiri apansi kuti ziphukenso kamodzi. Mpiru umatenga masabata anayi kapena asanu, thyolani akunja okhaokha. Coriander amachedwa kumera, mpaka masabata atatu, musafulumire kumutaya. Fesani chigubu chatsopano masabata awiri aliwonse kuti zisathere pamodzi. Feteleza wamadzi mungathire pakatha mwezi, theka la mlingo wolembedwa pabotolo, ngakhale ine nthawi zambiri ndimaiwala. Nsinjiro zikasowa, peanut butter wopanda shuga, supuni ziwiri, amatendera bwinobwino.