Mmene DJ angaikire mix pa intaneti popanda kutaya tchanelo chake

DJ aliyense wa mu Mzuzu amene amaimba pa maukwati, pa zinkhoswe kapena m'malo azisangalalo a ku Katoto ndi ku Luwinga amafuna kuti luso lake limveke kupitirira usiku umodzi, ndipo njira yapafupi ndiyo kujambula mix (nyimbo zambiri zolumikizidwa kuti ziziimba mosadukiza) n'kuiika pa YouTube kapena pa Facebook. Mnyamata wina wa ku Chibavi amene ndimamudziwa anakonza mix ya ola limodzi ndi theka, anagula bandulo ya usiku n'kusiya laputopu ili chiyakire mpaka mbandakucha kuti kanemayo akwere. Atadzuka anapeza uthenga wakuti kanemayo watsekedwa m'maiko onse chifukwa cha nyimbo imodzi yokha. Bandulo ndi tulo zinapita pachabe, koma chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ankafuna kutsutsa nthawi yomweyo ponena kuti nyimboyo anachita kugula, zomwe zikanaika tchanelo chake chonse pachiswe.

Musanaike chilichonse, dziwani kuti nyimbo yojambulidwa imakhala ndi umwini wa mitundu iwiri. Pali umwini wa amene anapeka mawu ndi kaimbidwe kake, ndiyeno pali umwini wa chojambulidwacho, umene kawirikawiri umakhala m'manja mwa kampani kapena munthu amene analipira situdiyo. Kugula nyimbo kumakupatsani mwayi woimvera, osati woifalitsa kwa anthu onse. Kuno kwathu nkhanizi zimayendetsedwa ndi lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa lija la 1989, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndalama za eni nyimbo komanso kupereka malaisensi kwa oimba nyimbo pagulu. Popeza Malawi analowa m'pangano la Berne, la maiko ambiri loteteza umwini wa ntchito zaluso, mu 1991, nyimbo yochokera ku Johannesburg kapena ku Lagos ndi yotetezedwa ku Mzuzu mofanana ndi yojambulidwa ku Mchengautuwa. Laisensi yoimbira mu holo ndi yofunika ndipo muyenera kukhala nayo, koma makina a YouTube sayiona, chotero siingaletse kanema wanu kutsekedwa.

Makinawo amatchedwa Content ID, ndipo YouTube inayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2007. Eni nyimbo amapereka zojambula zawo, ndipo kanema aliyense akangokwera makinawo amamufanizira ndi zimene anasunga. Akapeza zofanana, mwini nyimbo amakhala atasankhiratu chimodzi mwa zinthu zitatu: kutseka kanemayo m'maiko ena kapena onse, kumusiya aoneke koma ndalama za malonda otsatsidwa pamenepo zizipita kwa iye, kapena kungotsatira kuchuluka kwa oonera. Uthenga wotere umatchedwa claim, ndipo pawokha suwononga mbiri ya tchanelo. Mix ya nyimbo 30 ikhoza kukhala ndi ma claim ambirimbiri koma n'kumaonekabe bwinobwino.

Strike ndi nkhani ina, ndipo apa mpamene ambiri amasokonezera. Imabwera pamene mwini nyimbo wapempha mwalamulo kuti kanema achotsedwe, motsatira lamulo la ku America la 1998 lotchedwa DMCA. Strike imatha pakapita masiku 90 ngati mwamaliza kaphunziro kochepa ka za umwini kamene YouTube imapereka, koma zikakwana zitatu pa nthawi imodzi tchanelo chikhoza kutsekedwa, makanema onse n'kuchotsedwa, ndipo simuloledwa kutsegula china. Kwa DJ amene wakhala zaka zitatu akusonkhanitsa omutsatira, ndipo eni maukwati amamupeza kudzera pa tchanelocho, kumeneko n'kutha kwa bizinesi. Choncho uthenga ukafika, werengani modekha kuti muone ngati ndi claim kapena strike musanadinepo paliponse.

Njira yotetezeka ndiyo kuyesa kaye mwachinsinsi. Mukamaliza mix, pangani kanema wopepuka wokhala ndi chithunzi chimodzi chokha ndi mawu, kuti asadye bandulo yambiri, ndipo pomukweza musankhe kuti akhale wobisika, woonedwa ndi inu nokha. Makina amafufuzabe ngakhale kanema wobisika, ndipo mu YouTube Studio, tsamba limene mumayendetserapo tchanelo chanu, mudzaona dzina la nyimbo iliyonse imene yagwidwa, mphindi imene ikuyambira ndi kuthera, komanso chimene mwini wake wasankha. Musafulumire; dikirani tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa ma claim ena amachedwa kutuluka. Nyimbo zimene eni ake angotenga ndalama za malonda mukhoza kuzisiya. Zimene zatseketsa kanema ndizo muyenera kuchotsa. YouTube Studio imalola kudula chigawocho kapena kuzimitsa mawu ake, koma ine ndimaona kuti zimenezi zimawononga ntchito ya DJ, chifukwa luso lake lonse lili pa mmene nyimbo ina ikulowera mwa inzake, ndipo phako la zii pakati pa mix limamveka ngati magetsi azima pakati pa perekaniperekani. N'kwabwino kubwerera pa zida zanu zoimbira, kuika nyimbo ina pamalopo, n'kujambulanso.

Sunganinso kabuku kolembamo nyimbo zimene zinakutseketsani ndi makampani ake, kuti musagwe m'mbuna yomweyo kawiri. Dziwaninso kuti mwini nyimbo akhoza kusintha maganizo nthawi ina iliyonse, moti kanema amene wakhala akuoneka chaka chathunthu akhoza kutsekedwa mawa. Pachifukwa chimenechi sungani mix iliyonse pa fulashi kapena pa hard drive, osadalira intaneti yokha.

Pali nzeru zingapo zimene anyamata amapatsana zomwe sizithandiza. Kulemba pansi pa kanema kuti nyimbozi si zanu ndipo simukufuna kulakwira aliyense si chilolezo. Kwenikweni mukungovomereza kuti mwagwiritsa ntchito za eni. Kukweza kapena kutsitsa liwiro la nyimbo, kapena kumatchula dzina lanu pamwamba pake mobwerezabwereza, mwina kungazembetse makina kwa kanthawi, koma mwini wake akaimva yekha akhoza kupempha kuti ichotsedwe, ndipo pamenepo chobwera ndi strike. Palibenso lamulo lonena kuti masekondi 30 ndi aulere.

Za kutsutsa claim ndinene mosapsatira: musatsutse pokhapokha ngati muli ndi chilolezo chenicheni, kapena makina alakwitsa n'kutchula nyimbo imene mulibe m'mix yanu. Mukatsutsa, mwini nyimbo amapatsidwa masiku 30 oti ayankhe, ndipo akhoza kuchotsa claim, kuisunga, kapena kupempha kuti kanema achotsedwe, zomwe zimasandutsa nkhani yaing'ono kukhala strike. Mukapitiriza kulimbana pambuyo pa strike, mumafunika kupereka dzina lanu lenileni ndi adiresi, zomwe zimatumizidwa kwa wodandaulayo, ndipo nkhaniyo imakhala yoti ikhoza kukafika kukhoti.

Pa Facebook makina ofanana ndi amenewa amazimitsa mawu kapena kudula kanema ali mkati moulutsidwa, ndipo malamulo awo salola kanema amene cholinga chake chachikulu n'kungomvetsera nyimbo. Kumeneko n'koyenera tizidutswa tifupitifupi toonetsa anthu akuvina, pamodzi ndi ulalo wopita kumene kuli mix yonse.

Mix yonseyo malo ake abwino ndi Mixcloud, tsamba limene linayambika ku London mu 2008 makamaka chifukwa cha ma DJ ndi owulutsa mawu. Iwo ali ndi mapangano ndi makampani a nyimbo komanso mabungwe otolera ndalama za oimba, choncho eni nyimbo amalipidwa anthu akamamvera. Pali malire ake: omvera sangathe kutsitsa mix, simungadzaze mix ndi nyimbo za woimba mmodzi, ndipo ogwiritsa ntchito mwaulere amaloledwa kuika ma mix ochepa. Anthu ambiri kuno sanazolowere tsambali, komabe ulalo wake umayenda pa WhatsApp ngati wina uliwonse, ndipo mkwati wofuna kumva ntchito yanu sadzavutika kuutsegula.

Mwayi waukulu umene DJ wa mu Mzuzu ali nawo ndi oimba a konkuno. Kampani yaikulu ya kunja siingayankhe kalata yanu, koma woimba wa ku Chiputula, ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay mukhoza kukhala naye pansi n'kukambirana, ndipo ambiri amasangalala nyimbo zawo zikamveka. Pemphani chilolezo cholembedwa, ngakhale chikhale cha tsamba limodzi, chotchula dzina la nyimbo, dzina la tchanelo chanu, masamba amene mudzaikepo mix, komanso ngati padzakhale kugawana ndalama. Mawu apakamwa a pambuyo pa dansi amaiwalika. Funsaninso ngati amene anapanga biti ali ndi gawo lake, chifukwa oimba ambiri amagula kapena kubwereka mabiti, ndipo mwini biti akhoza kukugwirani ngakhale woimbayo atavomera.

Funso lomaliza kwa woimbayo likhale lakuti nyimbo zake anazipereka kwa kampani iti yozifalitsa pa intaneti. Makampani monga DistroKid, TuneCore ndi CD Baby amatha kulembetsa nyimbo mu Content ID ngati woimba wasankha zimenezo, ndipo makinawo sadziwa kuti inu ndi iye munagwirana chanza ku Katawa. Claim idzabwerabe. Mupempheni alembere kampaniyo kuti ichotse claim pa kanema wanuyo, ndipo mum'tumizire ulalo wake kanemayo akadali wobisika, kuti tsiku limene mudzauze anthu kuti mix yatuluka adzaipeze ikuimba kuyambira poyamba mpaka pamapeto.