Potumiza katundu wosachedwa kusweka kunja kwa dziko

Inu amene mwangoyamba kugulitsa pa eBay (msika wa pa intaneti) mbale zadothi, makapu agalasi kapena ziboliboli, chonde musadalire kulemba kuti "Fragile" (chosachedwa kusweka) pakatoni. Phukusi limadutsa pa malamba a makina, limagwa, limapanikizidwa ndi makatoni olemera, ndipo makinawo sawerenga.

Gwiritsani ntchito makatoni awiri. Chogwirira cha kapu chikulungeni pachokha poyamba ndi bubble wrap (pulasitiki yokhala ndi timatumba ta mpweya), chifukwa ndicho chimathyoka msanga, ndipo m'kati mwa kapuyo mudzazemo mapepala. Ikani m'katoni yaing'ono, iyonso muilowetse m'katoni yaikulu, pakati pake pakhale mpata wa masentimita osachepera 5 mbali zonse, wotsekedwa bwinobwino. Mukamaliza gwedezani. Mukamva kanthu kakusuntha, tsegulani muyambirenso. Nyuzipepala yokha siyokwanira, imaphwatalala ulendo ukatalika.

Yezani katoniyo musanatsegule malonda. Makampani monga DHL amaonanso kukula kwa phukusi: kutalika, m'lifupi ndi kuya mu masentimita amazichulukitsa n'kugawa ndi 5000, ndipo akapeza kuti zaposa kulemera kwenikweni amalipiritsa zimenezo. Wogula adziwe mtengo wotumizirawu asanayambe kupikisana ndi ena pogula katunduyo.

Pa fomu ya kasitomu, CN22 kapena CN23, lembani mtengo weniweni, osati "mphatso", ngakhale wogula akupempheni. Katundu akasweka, inshuwalansi sidzapereka zoposa zomwe munalemba, ndipo makampani ena salipira n'komwe pa galasi, choncho werengani malamulo awo. Jambulani katunduyo musanatseke katoni, ndipo sankhani njira yokhala ndi nambala yolondolera.