Momwe mungasankhire buloko yoyenera pomanganso injini

Anthu ambiri akapita ku Malangalanga kapena ku Biwi mu Lilongwe kukafuna buloko, thunthu la injini limene muli mabowo oyendamo mapisitoni, amangotchula dzina la galimoto, kuti akufuna ya Corolla kapena ya Hiace, ndipo wogulitsa amawalozera iliyonse imene ili pafupi. Dzina la galimoto pa lokha silikwanira, chifukwa mabuloko ena amafanana kunja pamene m'kati mwake ndi osiyana kwambiri.

Choyamba, pukutani pamalo osalala pamene padadindidwa nambala ya injini, muwerenge nokha zilembo zoyambirira, zimene zimasonyeza mtundu wa injini. Mwachitsanzo, 4A ndi 7A za Toyota zili ndi mabowo a pisitoni ofanana, a mamilimita 81, koma buloko ya 7A ndi yotalikirapo chifukwa pisitoni yake imayenda mamilimita 85.5 pamene ya 4A imayenda 77. Ya 5A bowo lake ndi la mamilimita 78.7. Kwa eni maminibasi, 3L ili ndi bowo la 96 ndipo 5L ili ndi la 99.5, choncho mapisitoni ndi gasket za imodzi sizingagwire ntchito pa inzake. Buloko imene nambala yake yapalidwa muisiye, ngakhale mtengo utatsika motani, popeza idzakuvutitsani ku Road Traffic.

Chachiwiri, dziwani ngati ndi yachitsulo kapena ya aluminiyamu. Yachitsulo, monga 3L, 5L ndi 3S, imalola kukuza mabowo n'kuikamo mapisitoni okulirapo ndi mamilimita 0.50. Ya aluminiyamu, monga 1NZ ndi 1ZZ, ili ndi ma sleeve opyapyala, timapaipi tachitsulo toyendamo mapisitoni, amene adalowetsedwa pouumba, moti ikakandika kwambiri ndi bwino kufuna ina. Pa 2AZ yang'anitsitsani mabowo a mabawuti a head (chivundikiro chimene chimamangidwa pamwamba pa buloko), chifukwa mazinga ake amadziwika kuti amazuka, makamaka injini ikakhala kuti idatenthapo.

Pamene ndikufuna mutayepo nthawi ndi pa main caps, zitsulo zija zimene zimagwira crankshaft (shafuti imene mapisitoni amaizunguza) pansi pa buloko. Kufakitale zitsulozi zimamangidwa pa buloko yake kenako n'kubooledwa pamodzi, motero chilichonse chili ndi malo ake ndi mbali yake, ndipo sichingasamukire pa buloko ina ngakhale ya mtundu womwewo. Wogulitsa wina adandipatsa buloko ya 3L yooneka bwino, koma zitsulozi adazitola pa mulu wa injini zina. Titaika mabering atsopano n'kumanga mabawuti pa mlingo wake, crankshaft idakana kuzungulira. Tidayamba taganizira mabering, kenako crankshaft, mpaka makaniko wamkulu adayendetsa chikhadabo pamene chitsulo chimakumana ndi buloko n'kumva kuti pali kampata. Ndalama yokabooletsanso pa makina idatsala pang'ono kufanana ndi ya buloko ina. Choncho onani kuti manambala a pa zitsulozi akutsatana, kuti mivi yake yonse yaloza kutsogolo, ndipo yesani ndi chikhadabo pa chilichonse. Ngati n'kotheka, gulani buloko imene sinamasulidwe pansi, muimasule muli pomwepo.

Zikatero, yerekezani ndi buloko yanu yakale mabowo onse a kunja: a ma mounting, a masensa, ndi pomangira gearbox. Ya injini ya turbo kawirikawiri imakhala ndi njira yakeyake yopititsira oilo ku turbo, imene buloko wamba ilibe. Amene akugulitsa buloko yopakidwa penti watsopano mumufunse chifukwa chake, pakuti penti amabisa ming'alu ndi malo owotcherera.

Musanalipire zonse, gwirizanani kuti mukaipimitse kaye kwa a makina, ayese ngati pamwamba pake mpowongoka, ngati mabowo sadakuzidwepo kale mpaka pa malire, komanso ngati njira za madzi sizikudontha. Sinthani ma core plug onse, tizitsekerero tachitsulo ta njira za madzi, ndipo mutsuke njira za oilo musanayambe kumanga.