Musanagule tiyi kapena makapisozi ochepetsa thupi

Mu Lilongwe muno malonda a zochepetsa thupi afika paliponse: tiyi, makapisozi, khofi wa m'timapaketi, zina m'mashopu, zambiri pa WhatsApp ndi Facebook. Ogulitsa amalonjeza kuti zimapha njala ndiponso zimafulumizitsa thupi kuwotcha mafuta. Zoona zake n'zakuti zochepa chabe ndi zomwe zimathandizako, ndipo thandizo lake ndi laling'ono, pomwe zina zimavulaza chiwindi ndi mtima.

Yambani mwadziyeza. Tengani makilogalamu anu, muwagawe ndi kutalika kwanu m'mamita, yankholo muligawenso ndi kutalika komweko. Mayi wolemera makilogalamu 70, wotalika mamita 1.6, apeza 27. Kuyambira 25 thupi lapitirira muyezo, kuyambira 30 ndi kunenepa kofunika kuonana ndi achipatala. Tepi ya telala nayonso imanena zoona: mimba ya mayi ikapitirira masentimita 80, ya bambo 94, chiopsezo cha shuga ndi BP chayamba kukwera.

Tiyi wambiri wochepetsa thupi amakhala ndi masamba a senna, omwe ntchito yake ndi kutsegula m'mimba. Mukamwa madzulo, m'mamawa mukuthamangira kuchimbudzi, sikelo n'kutsika ndi kilogalamu imodzi kapena awiri. Zomwe zachokazo ndi madzi ndi chimbudzi, mafuta ali pompo. Choipa kwambiri n'chakuti pamodzi ndi madziwo mumataya mchere wa potaziyamu womwe mtima umadalira kuti uzigunda bwino, n'chifukwa chake ena amafooka, kukokana minofu ndi kumva mtima ukudumphadumpha. Kwa munthu amene akumwa kale mapiritsi a BP okodzetsa, vutoli limawirikiza.

Makapisozi "owotcha mafuta" nthawi zambiri ndi kafeini ndi zofinyidwa ku tiyi wobiriwira. Kafeini amachepetsadi njala kwa maola ochepa, koma thupi limazolowera msanga. Munthu wamkulu asapitirire mamiligalamu 400 patsiku, kuwerengera limodzi khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu. Kumwa tiyi wobiriwira wa m'kapu kulibe vuto. Vuto ndi makapisozi, omwe amaunjika EGCG, mankhwala opezeka mwachilengedwe m'masamba a tiyiyo. Mu 2018 bungwe loona za chakudya ku Ulaya, EFSA, lidapeza kuti mamiligalamu 800 kapena kuposa patsiku amasokoneza chiwindi mwa anthu ena. Garcinia cambogia, chipatso chomwe amathira mu zochepetsa thupi zina, nachonso chakhala chikutchulidwa pa nkhani za anthu ovulala chiwindi.

Paketi yolembedwa kuti "zachilengedwe zokhazokha" isakugonetseni tulo. Zina zapezekapo zitathiridwa mwachinsinsi sibutramine, mankhwala omwe adachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera sitiroko ndi matenda a mtima. Ngati kapisozi yakuumitsani kukamwa, tulo osabwera, njala n'kutheratu tsiku lonse, isiyeni pomwepo.

Chomwe chili ndi umboni pang'ono ndi glucomannan, ufa womwe umafufuma m'mimba n'kukhutitsa. Mlingo wake ndi galamu imodzi katatu patsiku musanadye, ndi madzi tambula imodzi kapena awiri. Madzi akachepa umafufumira pakhosi n'kutsamwitsa. Umathandiza pokhapokha ngati mwachepetsanso zakudya, ndipo ntchito yomweyi nyemba, nandolo, therere ndi mgaiwa zimaigwira pamtengo wotsika.

Apa ndi pomwe tikufuna mulimbikire. Nsima ya ufa woyera imagayika msanga, njala n'kubweranso. Ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba. Ngati mumadya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri, theka la mbale likhale chisoso, bonongwe, nkhwani kapena mpiru, ndipo pasasowe nyemba, usipa kapena dzira. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo, pakuti supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120. Kumbukirani kuti chipisi cha pachiwaya ndi mandasi zimamwa mafuta ambiri. Shuga wothira asapitirire masupuni ang'onoang'ono 12 patsiku, ndipo botolo limodzi la chakumwa chotsekemera likhoza kumaliza gawo lalikulu la mlingowu. Thobwa wothira shuga ndi Sobo muziwerengere momwemo. Onjezani kuyenda ndawala mphindi 150 pamlungu; kutsika minibasi siteji imodzi musanafike kuntchito n'poyambira pabwino. Kutsika theka la kilogalamu pamlungu n'kokwanira, ndipo wa makilogalamu 90 akataya 5 kapena 9 okha, shuga ndi BP zimasintha kale.

Amene muli pa ma ARV, mvetserani bwino. Mankhwala a dolutegravir, amodzi mwa ma ARV, amanenepetsa anthu ena, monganso jakisoni wolera wa Depo. Musasiye nokha, kafotokozeni komwe mumalandirira. Dziwaninso kuti zowonjezera zokhala ndi kashiamu, ayironi kapena maginiziyamu zimagwira dolutegravir m'matumbo kuti asalowe m'magazi, choncho imwani ma ARV maola awiri musanamwe zimenezi, kapena maola 6 mutazimwa. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi odwala impso kapena chiwindi asamwe zochepetsa thupi zilizonse.

Ngati mwatsimikizabe zogula, gulani ku famase yovomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala m'dziko muno la PMRA, ndipo muonetse wa mankhwala zonse zomwe mukumwa kale. Paketi ikhale ndi dzina la opanga, mndandanda wa zomwe zili mkati ndi milingo yake, ndi tsiku lothera mphamvu. Zopakira m'kajumbo kopanda zolemba zisiyeni. Maso akachita chikasu, mkodzo ukada, kapena mukamva kupweteka kumanja pansi pa nthiti, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo paketiyo muitenge kuti adokotala aone zomwe mwamwa.