Kumanga katundu pa fulatibedi ndi kumufikitsa bwino kudzera ku Tete

Thiraki yonyamula kontena imachoka padoko la Beira katundu atatsekeredwa kale m'chitsulo, koma ngolo ya fulatibedi ilibe mbali kapena denga. Matumba 600 a feteleza, omwe ndi matani 30, amagwidwa ndi malamba, tenti ndi luso la munthu amene anamanga basi. Anyamata a ku Moatize, Angónia ndi Tsangano amene akulowa ntchitoyi, nthawi zambiri monga othandizira madalaivala, ayenera kudziwa kuti kumanga katundu sikuthera pamalo opakirira, koma kumapitirira ulendo wonse mpaka pamalo otsitsira.

Pamene akupakira, imani pomwepo ndipo musapite kukagona m'galimoto. Opakira amafuna kumaliza msanga, pomwe amene adzayankhe mafunso pasikelo ndinu. Sikelo ya pamsewu imayeza kulemera kwa pa maekiselo (zitsulo zolumikiza matayala a mbali ziwiri) gulu lililonse palokha, kotero thiraki ikhoza kukhala yosapitirira mulingo pa kulemera kwake konse koma n'kulipitsidwabe chifukwa chakuti katundu anaunjikana mbali imodzi, ndipo zikatero mudzayenera kusuntha matumbawo ndi manja dzuwa likuswa mtengo. Mzere woyamba ugunde chitsulo chotchinga kutsogolo kwa ngolo, chifukwa mukaponda buleki mwadzidzidzi katundu amathamangira kutsogolo, ndipo mpata uliwonse umene mwasiya umamupatsa liwiro. Matumba asanjidwe molukana monga momwe amasanjira njerwa pomanga khoma. Werengani nokha, ndipo thumba long'ambika lilembedwe pa mapepala musanasaine, popeza zoperewera zimakonda kudulidwa pa malipiro a dalaivala.

Malamba ndi oyenera matumba a simenti, feteleza, chimanga ndi mabelo a fodya. Zitsulo zomangira nyumba ndi makina opita ku migodi ya malasha ya ku Moatize zimafuna matcheni, ndipo pansi pake muziika matabwa, chifukwa chitsulo chimaterereka pa chitsulo chinzake ngakhale tcheni chikungike chotani. Pamene lamba akudutsa pa kona yakuthwa, ikanipo chidutswa cha tayala lakale. Lamba wothetheka kapena wolumikizidwa ndi mfundo musamukhulupirire, ngakhale abwana atanena kuti afikabe ulendo umodzi wokha.

Ambiri amalakwitsa pa matenti. Yambani kuyala tenti yakumbuyo, kenako yakutsogolo ibwere pamwamba pake, kuti mphepo ya paulendo izidutsa pamwamba pa mpheto m'malo molowa pansi n'kuifufumitsa. Ukayala mosemphanitsa, mvula imalowera pampata womwewo, ndipo simenti yonyowa palibe amene amailandira. Pindani makona bwinobwino ndi kumanga zingwe zonse, chifukwa nsonga imodzi yokupizika ndi mphepo imang'amba tenti yonse m'maola ochepa.

Musanapitirire makilomita 50 oyamba, pezani malo otetezeka, imani, ndipo kungani malamba onse kachiwiri. Matumba amakhazikika ndi kuphwa chifukwa cha kugwedezeka, ndipo lamba amene anali wolimba ku Beira amapezeka atakhwepa. Chitani chimodzimodzi paliponse pamene mwaima mumsewu wa N7, umene umachoka cha ku Vanduzi kudzera ku Catandica ndi Guro mpaka ku Changara, makamaka mukadutsa pamalo a maenje. Ku Changara ndi kumene mumakumana ndi mathiraki ochokera ku Zimbabwe kudzera pa chipata cha Cuchamano, ndipo kuyambira pamenepo magalimoto amachuluka komanso kutentha kumayamba kulamulira ulendo.

Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Yezani mpweya wa matayala m'mawa asanatenthe. Masana mpweya umakwera wokha, ndipo kuuphwetsa nthawi imeneyo ndi kulakwa kwakukulu, chifukwa tayala lochepa mpweya limapindika kwambiri poyenda, limatentha moonjezera, ndipo mapeto ake limaphulika. Musathire madzi ozizira pa madiramu a mabuleki otentha, pakuti chitsulo chikhoza kuchita ming'alu, ndipo musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ikadali yotentha. Ngati nthawi ikulola, dutsani chigawochi m'bandakucha, ndipo nyamulani madzi akumwa ochuluka kuposa amene mukuganiza kuti akwanira, chifukwa tayala likaphulika pakati pa Changara ndi Tete mthunzi ndi wosowa.

Kale mathiraki ankaima mzere wautali podikira kuwoloka mlatho wa Samora Machel pakati pa mzinda. Chiyambire 2014, pamene anatsegula mlatho wa Kassuende chakumunsi kwa mtsinje, magalimoto olemera amawolokera kumeneko. Khalani ndi ndalama za meticais zolipirira pamlatho ndipo sungani malisiti onse, chifukwa popanda iwo abwana sabweza kanthu. Matrayango awiri ochenjezera magalimoto ena pamsewu ndi chovala chonyezimira zikhale pafupi, poti apolisi a pamsewu amazifunsa.

Kuchoka ku Tete kukafika pa chipata cha Zóbuè, choyang'anana ndi Mwanza, ndi pafupifupi makilomita 120, ndipo mukapitirira Moatize msewu umayamba kukwera. Opita ku Lilongwe amapatukira pa Mussacama kulowera ku Angónia mpaka pa Calómuè, m'malire ndi Dedza, ndipo kumeneko chitunda n'chachikulu koposa. Imani musanayambe kukwera ndi kuona malamba akumbuyo, chifukwa pachitunda katundu amakokera kumbuyo. Pamtunda ndi pomwenso thiraki yodzaza imayenda pang'onopang'ono moti munthu akhoza kukwera kumbuyo, kung'amba tenti ndi kugwetsa matumba inu osamva kanthu, choncho n'kwanzeru kupewa kukwera usiku, ndipo ngati simungachitire mwina, yendani motsatana ndi anzanu. Kumapiriku nyengo imasintha msanga: mukhoza kuchoka ku Tete thukuta lili kamukamu n'kupeza nkhungu ndi mvula ku Ulongwe, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Pobwerera mutanyamula fodya kapena mbatatesi, sankhani giya yotsika musanayambe kutsetsereka ndipo lolani injini igwire galimoto, chifukwa mabuleki opondedwa mosalekeza amatentha n'kuleka kugwira.

Pachipata m'pamene mtima wa dalaivala umayesedwa, chifukwa mapepala a kasitomu akachedwa mukhoza kukhala masiku angapo, ndalama ya paulendo ikutha pomwe kulakwa si kwanu. Chimene mungachite ndi kuimbira ejenti wokonza mapepala mukadali ku Changara kuti ayambiretu ntchito, ndi kuonetsetsa kuti nambala za galimoto, za ngolo ndi chiwerengero cha katundu zikufanana pa mapepala onse, popeza chilembo chimodzi cholakwika chimaimitsa ulendo wonse. Nyamulani mbaula, ufa ndi ndiwo zouma kuti musadalire zogula, gonani muneti chifukwa malungo ndi ambiri m'chigwa, ndipo imikani thiraki pamene pali kuwala ndi madalaivala ena.

Mukafika kotsitsira, zungulirani ngolo kaye musanamasule chilichonse. Ngati katundu wapendekera mbali imodzi, malamba ndiwo akumugwira, ndipo kumasula mutaima mbali yomweyo kungakugwetsereni matumba kapena zitsulo pamutu. Uzani anthu atalikire, masulani lamba mmodzimmodzi, werengani katundu pamodzi ndi wolandira, ndipo musachoke asanasaine pa pepala lanu kuti walandira zonse.